Mwasintha knock sensor kawiri koma check engine ikuyakabe: musagule yachitatu kaye

Funso lachokera kwa achimwene ena amene amayendetsa Toyota Sienta yonyamula anthu pakati pa Mangochi boma ndi Namwera. Akuti nyali ya check engine itayaka anakaika galimoto pa makina oyezera, panatuluka khodi ya P0328, ndipo anauzidwa kuti knock sensor yafa. Anagula ina, nyali inazima, koma patangopita masiku ochepa inayakanso akukwera phiri la Chowe. Anasinthanso kachiwiri, zomwezo. Pano galimoto ikulemera pamtunda, ikumwa mafuta kuposa kale, ndipo makaniko wina wawauza kuti mwina kompyuta ya galimotoyo ndiyo yapsa. Akufuna kudziwa ngati agule sensa yachitatu kapena asake kompyuta.

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye m'thumba. P0328 sikunena kuti sensa yafa ayi. Ikungonena kuti magetsi amene kompyuta ikuwerenga pa njira ya sensayo akwera kupitirira muyezo. Njirayo ili ndi zinthu zingapo: sensa yeniyeniyo, soketi yake, mawaya, soketi ya kumapeto kwa mawayawo, ndi kompyuta. Inu mwasintha chinthu chimodzi kawiri, zinazo palibe amene waziyeza. Mmene mwafotokozeramu, ine mtima wanga uli pa soketi ndi mawaya, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Koma poyamba tigwirizane za ntchito ya kachipangizoka, chifukwa mukaimvetsa palibe adzakugulitseni sipeya yosafunika.

Petulo wosakanikirana ndi mpweya amayenera kuyaka pulagi ikatulutsa moto, ndipo motowo umafalikira mwadongosolo n'kukankha pisitoni pansi. Mu silinda mukatentha kwambiri, kapena petulo akakhala wofooka, gawo lina la mafutawo limaphulika lokha moto wa pulagi usanalifike. Kuphulikako kumamenya pisitoni ndi makoma a silinda, ndipo kumamveka ngati kaphokoso kachitsulo kopyapyala, makamaka galimoto ikalemedwa pamtunda. Zikapitirira zimathyola malingi, zimadya mutu wa pisitoni, zimawotcha gasiketi. Knock sensor ndi khutu la kompyuta: imamangidwa pa buloko ya injini, m'kati mwake muli kamwala ka piezo kamene kakanjenjemera kamatulutsa timagetsi tochepa. Kompyuta ikamva kunjenjemera kwa mtundu umenewo imachedwetsa moto wa mapulagi pang'ono mpaka phokosolo litatha, kenako n'kuubwezeretsa pang'onopang'ono. Izi zimachitika nthawi zonse inu osadziwa.

Tsono kompyuta ikaona kuti sikumvanso chochokera ku sensa, sichita masewera. Imachedwetsa moto mpaka pamapeto kuti injini isawonongeke. N'chifukwa chake galimoto yanu ikulemera pa Chowe ndiponso ikumwa mafuta. Injiniyo sikuti yatha. Kompyuta yaichepetsera mphamvu dala poiteteza, ndipo njira ya sensa ikakonzeka mphamvuyo ibwerera.

Sienta yanu ili ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, yomweyo imene ili mu Probox, Ractis ndi ma Corolla ambiri. Sensa yake ili pa buloko, kuseri kwa manifodi yolowetsa mpweya, malo opanikizika amene dzanja limafika movutikira. Toyota inagwiritsa ntchito mitundu iwiri. Yakale ili ndi waya mmodzi ndipo imapotokera yokha mu buloko. Imeneyo ikavuta nthawi zambiri imatulutsa P0325, ndipo kompyuta imaiyesa injini ikathamanga kufika cha m'ma 2,000 rpm, n'chifukwa chake nyali imatha kukhala yozima galimoto ili chiimire n'kudzayaka pamsewu. Yatsopano ndi yathyathyathya, ili ndi bowo pakati ndi mawaya awiri. Popeza yanu ikutulutsa P0328, ndi yamtundu wachiwiriwu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

M'kati mwa sensa yathyathyathya muli resistor, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi, ya pafupifupi 200 kilo-ohm. Kompyuta imatumiza 5V pa waya wina, ndipo zonse zikakhala bwino imawerenga pafupifupi 2.5V. Mawaya awiriwo akakhudzana, kapena waya akapalika n'kugunda chitsulo cha galimoto, magetsi amagwa pansi pa 0.5V ndipo mumapeza P0327. Njira ikaduka penapake, magetsi amakwera kupitirira 4.5V, ndiye P0328 imeneyo. Choncho khodi yanu, m'mawu osavuta, ikuti njira ikumaduka. Sikunena kuti injini ikugogoda kwambiri, monga ena amamasulira akangoona mawu akuti high input pa makina. Ikhoza kuduka m'kati mwa sensa, inde, koma sensa zitatu zosiyana kuduka mofanana, pa phiri lomwelo, n'zokayikitsa kwambiri.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji nyali imazima mukasintha. Zifukwa zilipo ziwiri. Makaniko akamaliza amafufuta khodi ndi makina, ndiye nyali izima basi kaya vuto latha kaya lilipo. Komanso pochotsa ndi kubwezera soketi, manja amagwedeza mawaya, dzimbiri la pa timano ta soketi limapalikako, ndipo njira imagwira kwa masiku angapo. Kenako mwanyamula anthu ndi katundu, dzuwa lili paliwombo, injini yatentha, ikukoka mwamphamvu pokwera. Injini ikamakoka choncho imapendekeka pa mamaunti ake n'kukoka mtolo wa mawaya. Waya amene wathyokera m'kati mwa chikopa chake amatseguka pamenepo, ndipo sekondi imodzi yokha ndi yokwanira kuti kompyuta ilembe khodi. Mukatsika phiri injini n'kuzizira, wayayo amakhudzananso, ndipo woyeza m'mawa kugalaja amapeza zonse zili bwino. Pachifukwa chomwechi muonetsetse mamaunti a injini. Akatha, injini imavina mopitirira ndipo imathyola mawaya amene mwangokonza kumene.

Kuno kunyanja zinthuzi zimafulumira kuwonongeka. Sienta za mtundu woyamba zinapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ndiye zambiri zimene zili pa misewu yathu mapulasitiki ake apsa kale ndi zaka. Onjezani kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene Mangochi imapitirira madigiri 35 masiku ambiri. Kaloko ka soketi kamauma n'kuthyoka pongokakhudza, ndipo soketi yopanda loko imasololoka pang'onopang'ono m'mabampu a msewu. Palinso anyamata otsuka galimoto amene amalozetsa paipi ya madzi amphamvu m'kati mwa injini yotentha. Madziwo amalowa mu soketi, satulukamo, ndipo pakapita milungu mukaivula mumapeza timano tabiriwira ngati ndere yowuma. Ndiye makoswe. Galimoto yonyamula usipa, utaka ndi matumba a chimanga, yogona pafupi ndi nkhokwe, makoswe saisiya. Kuseri kwa manifodi n'kofunda ndiponso kobisika, amakukonda. Tengani tochi muwalitse kumeneko. Mukaona zitosi zakuda zonga mpunga, zinyenyeswa za mapepala kapena mitu ya usipa, tsatirani waya ndi chala mpaka mupeze pamene panatafunidwa. Kawirikawiri khoswe samaliza kudula, amasiya tingwe tiwiri kapena titatu tikugwirabe, ndipo vuto lobwera n'kupita limayambira pamenepo.

Tsopano kayezedwe kake. Pezani wamagetsi a galimoto amene ali ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, ndipo amadziwa kuigwiritsa ntchito, osati wongolumikiza makina n'kuwerenga khodi. Asanafufute chilichonse, muuzeni atsegule freeze frame. Pamenepo kompyuta imasunga mmene zinthu zinalili nthawi imene khodi inalembedwa: liwiro la injini, kutentha kwa madzi, kulemedwa kwa injini, liwiro la galimoto. Jambulani ndi foni. Mukaona kuti nthawi zonse imalembedwa injini itatentha ndiponso italemedwa, mwadziwa mkhalidwe umene muyenera kuyezeramo. Aonenso ngati pali makhodi ena. Masensa angapo akamadandaula pamodzi, kaŵirikaŵiri vuto limakhala waya wa ethi, uja wolumikiza ku chitsulo cha galimoto, kapena magetsi a galimoto yonse.

Ngati sensa yoyamba ija simunataye, ibweretseni. Iyezedwe pakati pa timano take tiwiri. Buku la Toyota limati ikhale pakati pa 120 ndi 280 kilo-ohm pa kutentha kwa madigiri 20. Ikawerenga cha m'ma 200, mwina sinafe n'komwe, ndipo popeza inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan ikhoza kukhala yabwino kuposa ziwiri zimene munagulazo. Yezaninso zinazo. Masensa athyathyathya amafanana maonekedwe koma m'kati ndi osiyana: a Nissan ambiri amawerenga cha m'ma 560 kilo-ohm, ndipo alipo ena opanda resistor yotereyi, amene mukawaika pa Toyota kompyuta imangoona ngati waya waduka n'kuyatsa nyali nthawi yomweyo. Pamsika palinso zachinyengo zambiri zoikidwa m'mabokosi okongola. Musagule sensa chifukwa choti bowo ndi soketi zikukwanira. Pitani ndi nambala ya chesisi, ndipo iyezedwe musanapereke ndalama. Sensa imene ili pa galimotoyo iyezedwe kawiri, yozizira komanso injini itatentha, chifukwa yong'aluka m'kati imatha kuwerenga bwino m'mawa n'kutseguka ikapsa.

Kenako mawaya. Soketi ya sensa ikavulidwa, kiyi ali pa ON injini isanalizidwe, pakati pa timano tiwiri ta mbali ya mawaya payenera kupezeka pakati pa 4.5V ndi 5.5V. Zikapezeka, kompyuta ikugwira ntchito yake ndipo nkhani yoti yapsa yayamba kale kufooka. Akatero azimitse kiyi, achotse waya wa negative pa batire, avule soketi ya kompyuta, ayeze waya aliyense kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Akhale pansi pa 1 ohm, ndipo pakati pa wayayo ndi chitsulo cha galimoto pasakhale njira. Koma muyeso umene ine ndimaudalira kwambiri pa vuto longa lanuli ndi uwu: sensa ibwezeredwe pa soketi yake, multimeter ilumikizidwe kumbali ya kompyuta kuti iziwerenga njira yonse pamodzi, cha m'ma 200 kilo-ohm. Munthu mmodzi ayang'anitsitse manambala, wina azigwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, kuyambira pa soketi, chikhatho ndi chikhatho, akupinda ndi kukoka mofatsa. Pamene manambala adumphe kapena kuzimirira, vuto lili pansi pa dzanja lakelo. Zichitike injini ikadali yotentha kuchokera pa ulendo. Ntchito imeneyi imafuna kudekha, ndipo ndi imene ambiri amaidumpha chifukwa kusintha sipeya n'kwachangu ndiponso kumalipira bwino.

Chenjezo limodzi poyeza: asakakamize nsonga ya multimeter m'timabowo ta soketi, chifukwa amatitambasula ndipo sitigwiranso mano a sensa mwamphamvu. Asabayenso waya ndi singano. Kabowo kameneko kamalowetsa chinyezi, ndipo pakutha chaka wayayo amawola m'kati. Soketi zambiri zimene zikuvuta lero zinawonongedwa ndi oyeza am'mbuyomu.

Mukapeza poduka, kakonzedwe kake kasakhale kopotokola tingwe ndi zala n'kukulunga tepi. Magetsi a sensa iyi ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake waya wake amakutidwa ndi ulusi wachitsulo wolukana umene umatchinga chisokonezo chochokera ku makoyilo ndi alternator. Wokonza akadula chotchingacho n'kuchisiya, kapena akalumikiza ndi waya wa m'nyumba n'kumudutsitsa pafupi ndi makoyilo, kompyuta imayamba kumva phokoso labodza n'kumachedwetsa moto popanda chifukwa. Chabwino ndi kupeza soketi yokhala ndi waya wake wautali kuchokera pa galimoto yophwasulidwa ya injini yomweyo, kuwotcherera ndi solder, kulumikizanso chotchingacho, kuveka heat shrink, kachubu kaja kamene kamafinyika kakatenthedwa, ndi kubwezera mtolo m'timakilipi take kuti usalendewere.

Kamangidwe ka sensa nakonso n'kofunika ngakhale sikabweretsa P0328 kawirikawiri. Pamene imakhala pa buloko papalidwe dzimbiri pakhale poyera, popanda girisi, silikoni kapena washala. Imangidwe pa 20 N·m ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Ikakhala yolekeza siimva bwino, ikamangidwa mopyola kamwala kam'kati kamapanikizika kapena kusweka. Sensa yogwa pa simenti musaikhulupirire. Ndipo ngati manifodi inachotsedwa pa maulendo awiri aja gasiketi yake osasinthidwa, ikhoza kumayamwa mpweya wapambali, zimene zimachepetsa mafuta mu silinda n'kuyambitsa kugogoda kwenikweni.

Aonenso mitu ya batire ndi mawaya a ethi ochokera pa injini kupita pa bodi, ndipo injini ikulira batire liwerenge pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Kompyuta ndi yomalizira. Imafa, koma mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri pamakhala chifukwa chooneka: madzi analowamo, wina anatembenuza mawaya pobusita batire, kapena anawotcherera chitsulo pa galimoto batire lili cholumikiza. Munthu asakuuzeni kuti yapsa asanakuonetseni kuti sensa ndi mawaya zapambana miyeso yonseyi. Pa magalimoto okhala ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, kompyuta ina imafunanso kugwirizanitsidwa ndi makiyi, ndalama inanso.

Pali njira yachidule imene mwina muuzidwa, ndipo ndikukupemphani muikane. Ena amaika resistor pa soketi m'malo mwa sensa, ena amasamutsa sensa n'kuimangirira pa bawuti ina yosavuta kufikira kutali ndi buloko, ena amangomata nyaliyo ndi tepi yakuda. Resistor imazimitsadi nyali ndipo mphamvu imabwerera, chifukwa kompyuta imaganiza kuti zonse zili bwino ndipo imapereka moto wofulumira. Koma sikumvanso kanthu. Tsiku limene mudzathire petulo woipa n'kukwera Chowe mutadzaza anthu, injini idzagogoda popanda woiteteza. Pa galimoto ya ntchito ngati yanu, ndi njira yogulira injini ina.

Ndikunena izi chifukwa kuno zinthu zoyambitsa kugogoda kwenikweni zachuluka kuposa kwina. Mangochi ili pansi, mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000. Mpweya wa kuno ndi wolemererapo, silinda imadzaza kwambiri, ndipo ukakhalanso wotentha petulo amafulumira kuphulika yekha. Injini ya 1NZ-FE imapanikiza mpweya pa 10.5 kwa 1, siyolekerera mafuta achabechabe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri timathamangira a m'zigubu, ndipo ena mwa amenewo amakhala osakaniza ndi palafini kapena madzi. Palafini amafooketsa petulo kwambiri pa nkhani ya kugogodayi. Anthu ena amanamizira ethanol, koma ameneyo sali ndi mlandu pano. Dziko lathu lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amathandiza petulo kupirira kupanikizika. Choipa chake n'choti amakoka chinyezi akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino.

Kenako radiyeta. Kuthira madzi a pamjigo kapena a m'nyanja m'malo mwa coolant kumasiya dzimbiri ndi miyala m'tinjira ta madzi, ndipo mutu wa injini umakhala ndi malo otentha ngakhale geji ikuonetsa bwino. Kuchotsa thermostat, kumene kwafala kuno poganiza kuti kukuthandiza, sikuchiza radiyeta yotsekeka, kumangochedwetsa injini kufika pa kutentha kwake koyenera m'mawa, ndipo imamwa mafuta ambiri n'kuunjika mwaye pa mapisitoni. Mapulagi akhale a nambala imene Toyota inalemba, osati aliwonse olowa pabowo. Ndipo Sienta inapangidwira anthu 7. Zimene zimachitika pa siteji tonse timazidziwa, koma injini imamva kulemera konseko. Zonsezi sizimayatsa P0328, komabe njira ya sensa ikakonzeka mudzafuna kuti kompyuta isamangokhalira kuchedwetsa moto chifukwa cha kugogoda koona. Wamagetsi angakuonetseni zimenezi pa live data, manambala amene makina ake amaonetsa injini ikulira, muli pamsewu: moto ukamabwezedwa m'mbuyo kwambiri nthawi iliyonse mukaponda, injini ikugogodadi ndipo muyambire pa mafuta ndi kuziziritsa.

Musasokoneze zonsezi ndi phokoso la mabeyaring'i, lija timati injini yanoka. Limenelo ndi lolemera, lochokera pansi, limatsatira liwiro la injini ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo nthawi zambiri nyali ya oyilo imaphethira. Mukamva limenelo zimitsani pomwepo, sensa ilibe nalo ntchito.

Kuyenda nayo mmene ililimu n'kotheka kwa masiku ochepa mukuchepetsa katundu, koma musazolowere. Moto wochedwa umatenthetsa mavavu otulutsa utsi ndi ekizozi, mafuta amene mukuwononga tsiku ndi tsiku apitirira msanga mtengo wa kukonza, ndipo nyali ikakhala choyaka simungadziwe vuto lina likabwera.

Akamaliza kukonza musakhutire ndi nyali yozima pagalaja. Fufutani khodi, dikirani masana kutatentha, nyamulani katundu wanu wa masiku onse, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi ndi kukwera Chowe mpaka Namwera, makamaka wamagetsiyo ali m'galimoto ndi makina ake. Pobwerera aone ngati pali khodi yodikira, imene imalembedwa nyali isanayake. Bwerezani ulendowo masiku angapo. Ikabweranso, nditumizireni chithunzi cha freeze frame, miyeso ya masensa onse atatu, yozizira ndi yotentha, ndi magetsi amene munapeza pa soketi, tione pamodzi chotsatira.